"Anali Ndi Matenda Ena": Odwala Shuga, Mliri Komanso Mbiri ya Mawu Oti Kudzisamalira

M'chaka cha 2020 panalibe mawu amene anatopetsa makutu ngati oti "dzisamalireni". Wailesi inkawanena m'mawa ndi madzulo, abusa ankatsekera nawo mapemphero, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp ankathera pomwepo. Kwa ambirife tanthauzo lake linali lapafupi: samba m'manja ndi sopo, vala masiki, osapatsana moni wa pamanja. Koma panali anthu ena akuluakulu amene mawuwa sanali achilendo kwa iwo mpang'ono pomwe. Odwala shuga akhala akuuzidwa kuti adzisamalire kwa zaka zoposa 100, ndipo kwa iwo kudzisamalira ndi ntchito yopanda tchuthi. Nsima uyichepetse, mankhwala usaiwale, mapazi uwayang'ane ngati pali kabala, uyende pang'ono, ukumbukire tsiku la kiliniki. Mawa uyambirenso.

Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake. Panali nthawi imene madokotala anaganiza zoika chithandizo cha matenda a shuga m'manja mwa wodwala mwini wake, ndipo anachita bwino, chifukwa anthu ambiri apulumuka nazo. Chimene anachedwa kuchiona n'chakuti manjawo amayendera mtima. Munthu wodzala ndi mantha, wosagona tulo, wotsekeredwa kutali ndi anzake, sangasenze ntchitoyi ngati mmene amaisenzera masiku abwino. Mliri wa Covid-19 unaonetsa zimenezi poyera, kuno ku Malawi komanso kunja. Kuti timvetse bwino zimene zinachitikira abale athu odwala shuga m'zaka ziwiri zija, tiyambire kumene lamulo la kudzisamalirali linachokera.

Kuchiza ndi njala

Matenda a shuga ndi akale. Asing'anga a ku India anawazindikira zaka mazanamazana zapitazo poona nyerere zikuunjikana pa mkodzo wa wodwala, chizindikiro chimene agogo athu amachitchulabe mpaka pano. Mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, analemba kuti mkodzo wa odwalawa umatsekemera ngati uchi. Pa zinthu zimene iye ankaganiza kuti zimayambitsa matendawa anatchulapo chisoni chokhalitsa. Lero tikudziwa kuti nkhani yake ndi yaitali kuposa pamenepo, komabe n'zochititsa chidwi kuti kalekale munthu wina anaona kale kuti shuga ndi chisoni zimayendera limodzi. Madokotala obwera pambuyo pake anatanganidwa ndi mkodzo ndi magazi, za chisonizo n'kuziika pambali.

Pofika zaka za m'ma 1910 mankhwala enieni kunalibe. Njira imene inatchuka ku America inali ya dokotala Frederick Allen: kumumana chakudya wodwala mpaka shuga asiye kuoneka mu mkodzo, kenako kumamupatsa tochepa kwambiri toti angotsala ndi mpweya. Ena anawonjezera miyezi kapena zaka zingapo pa moyo wawo. Ena anafa ndi njala yeniyeni shugayo asanawaphe. Mmodzi mwa amene ankagwiritsa ntchito njirayi anali Elliott Joslin wa mumzinda wa Boston, dokotala amene mayi ake omwe ankadwala shuga. Joslin anaona msanga kuti dokotala sangakhale pa mbale ya wodwala katatu pa tsiku. Choncho anayamba kuphunzitsa odwala kuyeza chakudya pa sikelo, kudziyeza okha mkodzo pouwiritsa ndi mankhwala osintha mtundu, ndi kulemba zonse m'kabuku. Mu 1918 anatulutsa buku lotchedwa A Diabetic Manual, loti dokotala ndi wodwala aziwerengera limodzi.

Chaka chomwecho ndi chimene mliri wa chimfine choopsa unasesa dziko lonse. Ku Boston unalimba mu Sepitembala, kuno ku Nyasaland unafika kumapeto kwa chaka, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, ndipo akatswiri amati unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Tinganene kuti maphunziro a kudzisamalira kwa odwala shuga anabadwa mkati mwa mliri. Ndipo anabadwa ndi khalidwe la nthawi yake. Wodwala wabwino anali womvera, wodziletsa, wosaba chakudya usiku. Shuga akaoneka mu mkodzo, funso loyamba linali lakuti, mwadya chiyani? Mpaka lero wodwala shuga akamalowa m'chipinda cha dokotala ali ndi nkhope ya mwana amene sanalembe homuweki, mizu yake ndi imeneyi.

Dokotala amene anapita kukafera ku Florence

Mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best, mothandizidwa ndi John Macleod ndi James Collip, anakwanitsa kupatula insulin kuchokera mu kapamba wa nyama. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa jakisoni wa mankhwalawa, ndipo anatsitsimuka. Anthu amene anali mafupa okhaokha anayamba kunenepa. Koma insulin sachiza shuga, amangothandiza munthu kukhala naye. Ndiye ntchito ya wodwala inachita kuwonjezeka: tsopano anafunika kuwiritsa masingano, kudzibaya yekha, ndi kuphunzira kumva m'thupi ngati shuga watsika mopitirira. Joslin ankafanizira chithandizochi ndi ngolo yokokedwa ndi mahatchi atatu, omwe ndi chakudya, masewera olimbitsa thupi ndi insulin, woyendetsa wake n'kukhala wodwalayo.

Munthu amene anaona chimene chinkasowa pa ngoloyi anali dokotala amenenso anali wodwala. Robert Lawrence ankagwira ntchito pachipatala cha King's College ku London pamene anapezeka ndi shuga mu 1920, asanakwanitse zaka 30. Podziwa bwino kumene matendawa ankathera masiku amenewo, anasamukira ku Florence, m'dziko la Italy, kuti akatsirize moyo wake kutali ndi maso achisoni a abale ake. Taonani khalidwe limenelo: munthu wophunzira, wodziwa zonse za thupi, koma maganizo atamupanikiza chimene anasankha ndi kudzipatula. Mu 1923 mnzake wa kuntchito anamutumizira telegalamu yomuuza kuti insulin yafika ku London, abwerere msanga. Anabwerera ali wofooka kwambiri, analandira mankhwalawo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1968.

Mu 1934 Lawrence, pamodzi ndi mlembi wotchuka H. G. Wells amenenso ankadwala shuga, anayambitsa bungwe la odwala shuga ku Britain, limene lero limatchedwa Diabetes UK. Cholinga chake chinali choti odwala azidziwana, aziphunzitsana ndi kuyankhulirana. Chimene chinamuchotsa Lawrence ku Florence chinali mankhwala, inde, koma panafunika mnzake woti amukumbukire ndi kumuitana. Akuluakulu athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambi umenewu Lawrence sanaumvepo, koma moyo wake unautsimikizira.

Zaka zikupita, zida zinachuluka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunayamba kufala timakina toyezera shuga m'magazi kunyumba. Mu 1993 kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada anatsimikiza kuti kusunga shuga pamlingo wabwino kumachepetsa kuwonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha. Nkhani yabwino, koma inabwera ndi mtolo wake: tsopano maso akayamba kuchita khungu, wodwala ankadziimba mlandu yekha. Mu 1995 William Polonsky ndi anzake, akugwira ntchito pachipatala chomwe chija chimene Joslin anayambitsa ku Boston, anakonza mafunso 20 oyezera kutopa kwa mumtima kumene kumabwera chifukwa chokhala ndi shuga tsiku ndi tsiku. Mu 2001 akatswiri ena ataphatikiza zotsatira za akafukufuku 42 anapeza kuti munthu wodwala shuga ali ndi chiopsezo chowirikiza kawiri cha matenda ovutika maganizo poyerekeza ndi amene alibe. Kuchokera pa buku la 1918 kufika pa mafunso a 1995 panadutsa zaka 77. Zinatenga nthawi yonseyo kuti funso la mtima lilowe m'chipinda cha dokotala.

Matenda a anthu olemera?

Kuno kwathu mbiri ya shuga inayenda njira ina. Zipatala zathu zinakula zikulimbana ndi malungo, chifuwa chachikulu, chikuku, kenako Edzi. Shuga ankaonedwa ngati matenda a mabwana a m'tauni, odya nyama ndi kumwa tiyi wa mkaka. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO anachita kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa STEPS, amene anapeza shuga wokwera mwa anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, ndipo a kumudzi sanasiyane kwenikweni ndi a m'tauni. Akafukufuku ena a pambuyo pake anapeza ziwerengero zotsikirapo, koma mfundo inali itamveka: matendawa afika ndi pakhomo pa munthu wolima chimanga.

Kudzisamalira kwa Mmalawi wodwala shuga kuli ndi maonekedwe akeake. Ndi kusiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa pamene banja lonse likudya nsima yoyera. Ndi kukana Fanta pa ukwati anthu akukuyang'ana. Ndi kusunga insulin mu mtsuko wa mchenga wonyowa chifukwa firiji kulibe, kapena ilipo koma magetsi azima. Kamakina koyezera shuga n'kodula, timapepala take n'todulanso, choncho ambiri amadziwa mmene shuga wawo alili tsiku la kiliniki lokha. Amalawirira ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, osadya kanthu, kukwera minibasi kapena kabaza, kuima pamzere, kuyezedwa, kulandira metformin kapena glibenclamide ngati alipo, n'kubwerera. Pamzere paja ndi pamene anthu amafunsana kuti, "Amayi, phazi lija lapola?" Mzere umenewo unali sukulu, unalinso malo opepukirako mtima, ngakhale palibe amene anaulemba pa ndondomeko ya chithandizo.

Nanga chithandizo cha maganizo? Pamene mliri umafika, lamulo loyendetsa nkhani za matenda a m'maganizo linali lidakali lija la atsamunda la 1948. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chinali cha ku Zomba, kuphatikizapo cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo madokotala ake anali owerengeka ndi zala. M'maganizo mwa anthu ambiri, "ku Zomba" kunkatanthauza misala basi. Munthu amene wangotaya chidwi ndi chilichonse, sakugona, sakufuna kudya, sankadziona ngati wodwala. Timangoti ali ndi maganizo, kapena akuganiza kwambiri. Mu 2019 Michael Udedi ndi anzake anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti mafunso 9 achidule, omasuliridwa m'Chichewa, angathe kuthandiza kupeza matenda ovutika maganizo mwa odwala shuga pa makiliniki athu. Ntchito yolumikiza shuga ndi maganizo inali itangoyamba kumene. Kenako kunabwera Korona.

Zaka ziwiri za mantha

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Pa 2 Epulo anthu atatu oyamba anapezeka ndi matendawa ku Lilongwe. Boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, koma pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso bungwe la HRDC litakadandaula kuti anthu osauka adzafa ndi njala m'nyumba. Choncho Malawi sanatsekedwe ngati mmene anatsekedwera South Africa. Misika inkayenda, misonkhano ya ndale ya chisankho cha pa 23 Juni inkadzaza mabwalo.

Kwa munthu wodwala shuga, ufulu umenewu unali ndi mbali ina yowawa. Uthenga wochokera kunja unali woopsa. Ku England anapeza kuti mwa anthu amene anamwalira ndi Covid-19 m'zipatala kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 11 Meyi 2020, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi shuga. Ndiye dziko lonse likuyenda, ana ako akupita kumsika ndi kumisonkhano n'kubwera kudzadya nawe m'mbale imodzi, iwe wauzidwa kuti ukangotenga matendawa mwina sudzuka. Ukhale m'nyumba, koma nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri, mukhala anthu asanu ndi mmodzi. Ukhale m'nyumba, koma ndiwe wogulitsa tomato, ukapanda kupita kumsika ndalama ya mgaiwa ichokera kuti?

Ndiyeno panali mawu aja amene ankamveka imfa ikalengezedwa: anali ndi matenda ena. Kapena: ambiri mwa omwalirawa anali ndi matenda a mgonagona monga shuga ndi BP. Akuluakulu a zaumoyo ankanena zoona, ndipo cholinga chawo chinali kuchenjeza. Koma mawu amodzi omwewo ankamveka pawiri m'nyumba imodzi. Mnyamata wathanzi ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, aa, ndiye ife sizikutikhudza. Bambo ake, amene akhala ndi shuga zaka khumi, ankamva ngati dzina lawo laitanidwa. Tangoganizani kumva zimenezo madzulo aliwonse kwa miyezi, kenako n'kukagona. Mawuwa ankabisanso kanthu kena koipa, ngati kuti imfa ya munthu wa matenda ena ndi yomveka kale, yosafunika kudabwa nayo.

Apa ndi pamene thupi ndi maganizo zimakolana, ndipo si nkhani yongoyerekeza. Munthu akakhala ndi mantha, thupi limatulutsa michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol, imene imauza chiwindi kuti chithire shuga m'magazi kuti munthuyo athe kuthawa kapena kumenya nkhondo. Mwa munthu wopanda matendawa insulin amabweza shugayo m'malo mwake. Mwa wodwala shuga amangokhala m'magazimo. Kusagona tulo kumawonjezera vutoli. Shuga akakwera munthu amatopa, amakodza pafupipafupi usiku, tulo n'kusowanso. Ndipo munthu wovutika maganizo amayamba kuiwala mankhwala, kudya chilichonse chimene chapezeka, kusiya kuyenda. Akadzayezedwa n'kupeza shuga wakwera, amadziona wolephera, maganizo n'kuwonjezeka. Chingwe chake chimangozungulira chomwecho.

Njira zodulira chingwechi zinali zitatsekeka imodziimodzi. Maminibasi analamulidwa kuchepetsa okwera, mtengo n'kukwera. Chipatala, chimene kale chinali kothawira, chinasanduka malo oopedwa. Mu Epulo 2020 ogwira ntchito m'zipatala zina za boma ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Vutoli silinali lathu lokha: pa 1 Juni 2020 WHO inalengeza kuti mwa maiko 155 amene inawafunsa, 49 pa 100 aliwonse anati chithandizo cha shuga chasokonekera pang'ono kapena kotheratu. Munthu amene ankadziwa za shuga wake tsiku la kiliniki lokha, akalumpha kiliniki kawiri ndiye kuti wayenda mumdima kwa miyezi.

Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa zipatala. Mpweya wa okosijeni unkasowa. Mphekesera zinafala zoti ukapita kuchipatala ndi matenda alionse akuuza kuti ndi Korona, ndipo subwerako. Anthu anatembenukira ku mandimu, jinja, adyo ndi kudzifukiza ndi masamba a bulugamu. Pofuna kuti chakumwa chowawacho chimweke, m'makapu ambiri munkathiridwa uchi kapena shuga, ndipo wodwala shuga amene ankamwa zimenezi kangapo pa tsiku pothawa matenda amodzi ankadyetsa enawo. Ngakhale kuchipatala komweko nkhani inali yovuta, chifukwa dexamethasone, mankhwala amene anapezeka mu Juni 2020 kuti amapulumutsa odwala Covid-19 ovutika kupuma, amakweza shuga m'magazi.

Chinanso chimene mliri unatilanda ndi maliro. Kwathu kuno chisoni timachisenza pagulu: kugona pa siwa, kuimba usiku wonse, kuperekeza mnzathu kumanda. Omwalira ndi Covid-19 ankaikidwa mwachangu, ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, abale ataima patali. Odwala shuga ndiwo ankalangizidwa kwambiri kuti asapite n'komwe. Munthu wamkulu amene sanakhuze maliro a mnzake wa ubwana amatsala ndi chinthu pamtima chimene sichitha msanga. Kutchalitchi ndi kumzikiti anauzidwanso kuti ayambe apumira. Kwaya, Mvano, banki mkhonde, bawo ya pansi pa mtengo, zonse zimene zimachititsa kuti munthu adzuke, asambe, atuluke, zinaima kapena zinapitirira popanda iye.

Ziwerengero zimene tili nazo ndi za anthu onse, koma zikusonyeza mmene mphepo inkaombera. Apolisi a ku Malawi analengeza kuti chiwerengero cha anthu odzipha chinakwera ndi 57 pa 100 m'miyezi yoyambirira ya 2020 poyerekeza ndi nthawi yomweyo mu 2019, ambiri mwa iwo abambo. Mu Malichi 2022 WHO inati m'chaka choyamba cha mliri nkhawa ndi matenda ovutika maganizo zinakwera ndi 25 pa 100 pa dziko lonse. Ndipo mu Novembala 2021 ofesi ya WHO ya mu Africa, itaunika maiko 13, inapeza kuti mwa odwala Covid-19 amene analinso ndi shuga, 10.2 pa 100 anamwalira, pamene mwa odwala onse anamwalira 2.5 pa 100. Mantha a abale athu aja sanali ongopeka ayi. Anali ndi chifukwa.

Katemera anafika pa 5 Malichi 2021, wokwanira kubaya ka 360,000, ndipo anthu a matenda a mgonagona anali m'gulu loyamba kulandira. Koma mantha amene akhala m'nyumba chaka chathunthu sachoka ndi chilengezo chimodzi. Mphekesera zinanenanso kuti katemerayo ndi woopsa makamaka kwa odwala kale, zomwe zinali zosemphana ndi malangizo a madokotala. Pa 19 Meyi boma linatentha katemera wokwanira kubaya ka 19,610 amene masiku ake anali atatha.

Zimene zinagwira ntchito zinali ndi nkhope ya munthu

Tikayang'ana zimene zinathandiza, zambiri sizinali zida zodula. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo ndi Unduna wa Zaumoyo anali atayamba kale kuona odwala HIV, shuga, BP, mphumu ndi matenda a m'maganizo pa kiliniki imodzi, pali anthu a m'mudzi momwemo oyendera odwala khomo ndi khomo. Kumene kuli dongosolo lotere, wodwala akasowa pa kiliniki pamakhala wina wodziwa pamene amakhala. Nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, imene inayambira ku Balaka mu 2011, inakhala njira yofunsira malangizo popanda kukwera minibasi. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Kafukufuku wa 2016 anasonyeza kuti njirayi imathandizadi, ndipo yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi.

Phunziro lalikulu tili nalo kale pakhomo, kuchokera ku Edzi. Pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, dziko silinangopereka botolo la mankhwala n'kunena kuti dzisamalire. Munthu ankabwera ndi womuyang'anira, ankalandira uphungu asanayambe kumwa, ankalowa m'gulu la anzake, ndipo akasowa ankalondoledwa. Pambuyo pake anthu oyenda bwino anayamba kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, zimene zinathandiza kwambiri mliri utafika. Tinazindikira kuti mankhwala a moyo wonse amafuna mudzi. Wodwala shuga nayenso ndi wa mankhwala a moyo wonse, ndipo ntchito yake ndi yochulukirapo, chifukwa imalowa mpaka mu mphika wa banja lonse. Koma nthawi zambiri amabwerera kunyumba ndi mapiritsi ndi mndandanda wa zoletsedwa basi.

Pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti Covid-19 sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Masiki tinavula, maliro tinayambanso kugona. Odwala shuga ntchito yawo ikupitirira ngati kale, ndipo ena akulipirabe miyezi imene anayenda mumdima ija, ndi maso, ndi impso, ndi mapazi. Tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse limakhala pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la Banting, ndipo mutu wake kuyambira 2024 mpaka 2026 ukukamba za umoyo wonse wa wodwala, kuphatikizapo wa m'maganizo. Pamapeto pake dziko lafika pa mfundo imene Willis anaikhudza mu 1674.

Mliri wina udzabwera, kaya wa kolera ngati uja wa 2022, kaya wina umene dzina lake silinamveke. Boma lili ndi mbali yake: mankhwala osasowa, opatsidwa a miyezi ingapo misewu ikavuta, mafunso 9 aja kufunsidwa pa kiliniki iliyonse ya shuga, ndi kusankha bwino mawu polengeza imfa. Koma mbali ina ndi yathu, ife ana ndi adzukulu amene timatumiza ndalama ya mankhwala pa foni n'kuganiza kuti tamaliza. Ngati kwanu kuli mayi, bambo kapena malume a shuga, mukawaimbira musathamangire kufunsa kuti shuga ali pa zingati, kapena mwadya chiyani. Mafunso amenewo awamva kokwanira. Afunseni ngati akugona bwino, ngati akupitabe kukwaya, ngati pali chimene chikuwadetsa nkhawa. Tsiku la kiliniki, ngati mungathe, aperekezeni. Ndipo mgaiwa uja, muzidya nawo.